Wasiya wa pakamwa ndi kulemba m'madzi

Tonsefe amene timakhala m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira ndi Malindi mpaka ku Chipoka, Senga Bay ndi Nkhotakota, tinaonapo zimene zimachitika pakhomo pamene bambo wochitako bwino watisiya. Janaza imayenda mwaulemu, anthu amabwera ochuluka, ndipo mashehe amatikumbutsa kuti tonse tili paulendo. Koma dothi la pamanda lisanaume, nkhani imasintha. Wina wafunsa kale za makiyi a golosale. Wina wazula injini paboti ponena kuti akukaisunga. Amalume a ana akunena zawo, achimwene a malemu akunenanso zawo, ndipo mayi wamasiye, amene ali m'nyumba kusunga eda yake ya miyezi inayi ndi masiku khumi, amangomva kuti chilimira chagulitsidwa.

Tikafunsa kuti kodi malemu anasiya mawu otani, yankho limakhala lakuti anauza uje ndi uje ali chigonere. Tsoka lake, aliyense mwa anthuwo amakumbukira mawu omukomera iye mwini. Paja mawu a pakamwa pa nkhani ya chuma ndi kulemba m'madzi. M'kope lino tafuna kuti tikambirane momasuka nkhani imene ambiri timaiopa: kukonzeratu za chuma chathu tidakali ndi moyo, kuteteza timabizinesi tathu, ndi zoyenera kuchita ngozi ikagwa pabanja.

Malamulo atatu pakhomo limodzi

Chimene chimasokoneza mabanja athu n'chakuti pakhomo limodzi pamakumana malamulo atatu. Loyamba ndi mwambo wa makolo. Ayao ndi Achewa timatsata mbumba ya kuchikazi, ndipo kale chuma cha mwamuna chinkapita kwa abale ake ndi ana a mlongo wake, poti ana ake omubadwira ankawerengedwa kuti ndi a kwa mayi awo. Lachiwiri ndi lamulo la Chisilamu la mirathi, limene limaika patsogolo ana, mkazi kapena mwamuna, ndi makolo a malemu. Lachitatu ndi lamulo la boma, limene makhoti amagwiritsa ntchito nkhani ikafika kumeneko.

Lamulo la boma linasintha, koma ambiri tikuganizabe zakale. Lamulo la 1967 linkagawa chuma cha mwamuna womwalira wopanda wilo pawiri. M'maboma a chikamwini monga Mangochi, magawo awiri mwa asanu ankapita kwa mkazi, ana ndi ena odalira malemuyo, pamene magawo atatu ankapita kwa olowa chuma mwa mwambo. Apa ndi pamene achibale ankapezera mphamvu zonyamula katundu. M'chaka cha 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano loona za chuma cha masiye, ndipo gawo la olowa mwa mwambo lija linachotsedwa. Tsopano munthu akamwalira wopanda wilo, chuma chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi anthu amene ankadaliradi iye, monga makolo okalamba. Mchimwene amene anali ndi pake podyera alibe gawo chifukwa cha ubale wokha.

Lamulo lomweli limati mkazi aliyense wamasiye asunge katundu wa m'nyumba mwake, ndipo ngati panali mitala, mkazi aliyense amasunga za m'nyumba yake. Kukwatiwanso sikumulanda zimene analandira, kupatula zimene zili pa malo a mafumu, zomwe zimapita kwa ana amene anabereka ndi malemuyo. Munthu wolanda chuma cha masiye amapalamula mlandu umene chilango chake chimafika zaka khumi m'ndende, ndipo khoti limamulamula kubweza zimene anatenga. Ife Asilamu sitinayenere kudikira boma kuti litiuze zimenezi, pakuti Sura ya An-Nisa, ndime 10, inatichenjeza kale kuti wodya chuma cha ana amasiye mopanda chilungamo akudzisonkhera moto.

Tsono pali mfundo imodzi imene tikupempha owerenga athu kuti aimvetse bwino. Munthu akamwalira wopanda wilo, khoti silifunsa kuti ankapemphera kuti. Limagawa motsata lamulo la boma, limene silisiyanitsa mwana wamwamuna ndi wamkazi, kapena wobadwira m'banja ndi wobadwira kunja. Choncho Msilamu amene akufuna kuti chuma chake chidzagawidwe motsata mirathi ayenera kulemba zimenezo m'wilo yovomerezeka. Kungokhala chete n'kumayembekeza kuti abale adzamvera Shehe n'kusiyira ana mkangano.

Kulemba wasiya si kuitana imfa

Ambiri mwa ife timaona ngati kulemba wilo n'kudzilosera imfa. Ena amaopa kuti ana akadziwa gawo lawo ayamba kuwerenga masiku. Koma chipembedzo chathu sichiphunzitsa mantha otere. M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli hadisi yochokera kwa Abdullah ibn Umar yolimbikitsa Msilamu amene ali ndi choti asiyire mawu kuti asagone masiku awiri wasiya wake usanalembedwe. Ndime yaitali koposa zonse m'Qur'an, ndime 282 ya Sura ya Al-Baqarah, ndi yokhudza kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Ngati Allah anatilangiza kulemba ngongole ya pakati pa anthu amoyo, amene angathe kukumbutsana, nanga bwanji chuma chimene mwini wake sadzakhalapo kuti afotokoze?

Dongosolo la Chisilamu ndi lomveka. Pa chuma cha malemu timayamba kuchotsa zofunika pa maliro, monga sanda ndi kukumba manda. Kenaka timabweza ngongole zonse, kuphatikizapo mahari ngati mwamuna anali asanamalize kupereka kwa mkazi wake. Chachitatu ndi wasiya, umene sungapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu. Malire amenewa anachokera pa nkhani ya Sa'd ibn Abi Waqqas, amene atadwala kwambiri ku Makka, ali ndi mwana mmodzi yekha wamkazi, anafuna kupereka chuma chake chochuluka ngati sadaka. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, anamuloleza gawo limodzi lokha mwa atatu, namuuza kuti kusiya olowa chuma ali opeza bwino kuposa kuwasiya akupemphetsa. Zotsala zonse ndizo zimagawidwa motsata ndime 11, 12 ndi 176 za Sura ya An-Nisa.

Mkazi amalandira gawo limodzi mwa asanu ndi atatu ngati malemu anasiya ana, kapena limodzi mwa anayi ngati sanasiye. Ngati akazi ndi awiri kapena kuposa, amagawana gawo lomwelo. Mwamuna amalandira limodzi mwa anayi pa chuma cha mkazi wake ngati pali ana, kapena theka ngati palibe. Bambo ndi mayi a malemu amalandira aliyense limodzi mwa asanu ndi limodzi ngati pali ana. Pakati pa ana, wamwamuna amalandira kawiri gawo la wamkazi, poti iye ali ndi udindo wodyetsa banja ndi kusamala alongo ake.

Tiyerekeze ndi bambo amene makolo ake anamwalira kale, ndipo wasiya mkazi mmodzi, ana aamuna awiri ndi aakazi atatu. Boti, injini, ukonde ndi ndalama zonse pamodzi zakwana K10,000,000. Maliro adya K300,000, ngongole ya mafuta ndi ya alovi ndi K700,000, ndipo iye analemba kuti K1,000,000 ipite kwa mwana wamasiye amene ankamulera. Zatsala K8,000,000. Mkazi alandira K1,000,000, ana aamuna K2,000,000 aliyense, ndipo ana aakazi K1,000,000 aliyense. Achimwene a malemu ndi ana a mlongo wake salandira kanthu pamenepa, chifukwa ana aamuna alipo.

Gawo la wasiya lija ndi chifundo chachikulu, ndipo ambiri sitiligwiritsa ntchito. M'mabanja mwathu muli anthu amene mirathi siiwafikira: mwana wa mlongo amene wakhala akuyendetsa boti zaka zambiri, mdzukulu amene bambo ake anatsogola agogo ali moyo pamene ana ena aamuna alipo, mwana womulera, mwana wobadwa kunja kwa nikahi, ngakhalenso m'bale wa chipembedzo china, poti kunyanja kuno mabanja osakanikirana ndi ambiri. Onsewa tingawakumbukire kudzera m'wasiya. Kutero n'kwanzeru ngakhale pamaso pa boma, chifukwa lamulo la 2011 limapatsa khoti mphamvu yothandiza mkazi, mwamuna kapena mwana amene wilo yamusiya pa mavuto, ngati iye akadandaula.

Tikumbutsenso kuti chogawidwa ndi chuma cha malemu chokha. Mahari amene mayi analandira ndi ake. Mathandala amene anamanga ndi ndalama zake za usipa ndi ake, pamodzi ndi mbuzi zimene anagula yekha. Ndipo zophikaphika za pa sadaka zisachotsedwe pa gawo la ana aang'ono. Akuluakulu amene akufuna kuchita sadaka asonkhe za m'thumba mwawo.

Kalembedwe ka wilo yovomerezeka

Kulemba wilo sikulira chuma chambiri kapena sukulu yapamwamba. Aliyense amene wakwanitsa zaka 18 ndipo mutu wake ukuyenda bwino angathe kulemba, wamwamuna kapena wamkazi. Wilo iyenera kukhala yolembedwa, ndipo tingailembe m'Chichewa kapena m'Chiyao. Mwini wake asayine, kapena adinde chala ngati sadziwa kulemba, pamaso pa mboni ziwiri zimene zili pamodzi nthawi yomweyo, ndipo mbonizo zisayinenso iye akuona. Tisasankhe mboni pakati pa anthu amene adzalandire kanthu m'wiloyo, kapena akazi ndi amuna awo, chifukwa zimenezi zingawatayitse gawo lawo. Shehe wa pamzikiti, mphunzitsi wamkulu kapena mnzathu wa malonda ndi mboni zabwino.

M'wilomo tilembe dzina lathu lonse, mudzi, mfumu ndi tsiku. Titchule akazi ndi ana onse, osabisa ngakhale mmodzi, pakuti mwana wobisidwa amadzatulukira pamaliro. Tilembe katundu yense mwatsatanetsatane: nyumba ili pati, injini ndi ya mtundu wanji ndipo nambala yake ndi iti, ndalama zili kubanki iti, ku Airtel Money, ku Mpamba kapena kubanki m'khonde. Tilembe amene tili nawo ngongole ndi amene ali nafe ngongole. Tinene momveka kuti zotsala zigawidwe motsata mirathi, ndipo ndi bwino kupempha Shehe wodziwa masamu ake kuti atithandize. Pomaliza tisankhe munthu mmodzi kapena awiri okhulupirika oti adzayendetse zonsezi, ndi woti adzasamale ana aang'ono.

Wilo yosungidwa pansi pa mphasa imatha kusowa tsiku la maliro lomwelo. Tikaisungitse kukhoti, kwa bwanamkubwa wa boma, kubanki kapena kwa loya, ndipo wodzayendetsa uja adziwe kumene ili. Tikakwatira, tikakwatiranso, mwana akabadwa kapena tikagula katundu wamkulu, tilembe ina yatsopano, makamaka chifukwa ukwati watsopano ungathe kufafaniza wilo yakale. Amene ali pantchito yolembedwa akumbukirenso fomu ya penshoni yotchula odzalandira, poti ndalama zimenezo zimatsata fomuyo. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa chipembedzo, choncho nikahi yathu ndi ukwati weniweni pamaso pa boma. Komabe tisunge bwino chikalata chake, kuti mayi asadzavutike kutsimikiza kuti anali mkazi wa malemu.

Mwini wilo akamwalira, woyendetsa uja amapita kukhoti kukatenga chikalata chomupatsa mphamvu, ndipo popanda chimenechi mabanki satulutsa ndalama. Ngati wilo palibe, banja limapempha khoti kuti lisankhe woyendetsa, ndipo ofesi ya Administrator General ndi ya bwanamkubwa zimathandiza pa nkhanizi.

Bizinesi isafe ndi mwini wake

Tikayenda m'misika yathu timaona magolosale otsekedwa ndi zigayo zochita dzimbiri zimene zinkayenda bwino mwini wake ali moyo. Kawirikawiri chimene chinapha bizinesiyo n'chakuti zonse zinali m'mutu mwa munthu mmodzi. Palibe amene ankadziwa kumene ankaoda katundu, amene anatenga matumba a usipa pangongole, kapena kuti ndalama za bizinesi zikulekezera pati ndipo za pakhomo zikuyambira pati.

Vuto lalikulu limakhala pa katundu wosonkherana. Abale awiri amagwirizana kuti wina agule boti, wina agule injini, osalemberana kanthu poti ndi pachibale. Mmodzi akamwalira, ana ake sadziwa kuti bambo awo anali ndi gawo lotani, ndipo wotsalayo amayesedwa wakuba ngakhale ali wolungama. Mwa lamulo, mgwirizano wa malonda wotere umatha mmodzi akamwalira, pokhapokha ngati anapangana zina. Pepala limodzi lokha, lonena zimene aliyense anasonkha, kagawidwe ka phindu, ndi zodzachitika wina akatisiya, lingapulumutse boti ndi ubale womwe.

Chimodzimodzi ana athu amene ali ku Joni. Amatumiza ndalama kuti m'bale awagulire malo, awamangire nyumba kapena awagulire njinga yamoto ya kabaza, ndipo makalata onse amalembedwa m'dzina la wotumidwayo. Mwini ndalama akamwalira kunjako, mkazi ndi ana ake amakhala opanda umboni. Tiwalangize kuti chilichonse chogulidwa chilembedwe m'dzina la mwini ndalama, ndipo malisiti otumizira ndalama asungidwe. Pogula malo pakhale kalata yosayinidwa ndi wogulitsa, mboni ndi amfumu, ndipo lamulo la malo a mafumu la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo otere kuboma. Kulembetsa bizinesi, kuitsegulira akaunti yakeyake, ndi kukhala ndi kope lolembamo zolowa ndi zotuluka tsiku ndi tsiku kumathandiza kuti mayi kapena mwana wamkulu adzapitirize pamene bambo analekezera.

Pogawa mirathi si lamulo kuti chilichonse chigulitsidwe. Boti logawidwa matabwa silipha nsomba. Olowa chuma angagwirizane kuti bizinesi ipitirire, aliyense n'kumalandira phindu molingana ndi gawo lake, bola mgwirizanowo ulembedwe ndipo gawo la ana aang'ono lisungidwe mokhulupirika mpaka atakula.

Ngozi ikagwa

Si imfa ya pamphasa yokha imene imagwetsa banja. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira maboti amagubuduzika, ndipo pamisewu yathu minibasi, malole ndi njinga zamoto zikuvulaza anthu ambiri. Wovulala kapena banja la womwalira ali ndi ufulu wopempha chipukuta misozi kwa amene anachititsa ngoziyo mosasamala. Kulandira ndalama zotere si kukana chikonzero cha Allah, pakuti Chisilamu nachonso chili ndi diya, dipo loperekedwa kwa banja la munthu wophedwa mwangozi.

Lamulo limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene ingawavulaze. Choncho ngozi ikachitika tilembe nambala ya galimoto, tikanene kupolisi, tipite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likuoneka laling'ono, ndipo tisunge lipoti la apolisi, la dokotala ndi malisiti onse. Tisathamangire kusayina pepala lakuti nkhani yatha chifukwa mwini galimoto watipatsa ndalama ya thiransipoti. Mwendo umene ukuoneka ngati wangotupa ungathe kulepheretsa munthu kupalasa bwato moyo wake wonse. Tisachedwenso, chifukwa mlandu wa kuvulala uyenera kufika kukhoti pasanathe zaka zitatu, ndipo podandaulira kampani ya inshuwalansi nthawi ingathe kuchepera pamenepo.

Kwa ife amene tili ndi antchito pachigayo, pagolosale kapena paboti, lamulo la chipukuta misozi cha antchito la chaka cha 2000 limaika udindo pa bwana wantchito akavulala kapena kumwalira ali pantchito. Lamba wa chigayo wopanda chotchinga, kapena boti lopita pakati pa nyanja usiku lopanda zovala zoyandamitsa, zingathe kutenga moyo wa mwana wa mnzathu ndi kugwetsa bizinesi yonse pa tsiku limodzi. Kuteteza wantchito n'kotsika mtengo kuposa kulipira maliro ake.

Kopita tikafuna thandizo

Ambiri timaopa maloya poganiza kuti ndi a anthu olemera okha. Koma boma lili ndi bungwe la Legal Aid Bureau, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limene limathandiza anthu osatha kulipira loya, ndipo akalaliki a kukhoti la majisitireti angatilozere kumene ofesi yake yapafupi ili. Tikapita kwa loya wolipidwa, tifunse poyamba kuti adzatenga zingati, ndipo yankho lilembedwe. Tichenjere ndi anthu oyendayenda m'zipatala ndi m'maliro odzitcha othandiza, amene amatenga makalata a ngozi n'kusowa nazo ndalama. Loya weniweni amakhala ndi chiphaso cha chaka chimenecho, ndipo bungwe la Malawi Law Society lingatsimikize ngati dzina lake lili m'kaundula. Paja safunsa anadya phula.

Tikupempha mashehe athu ndi makomiti a mizikiti kuti nkhaniyi ikambidwe pa Ijumaa ndi m'misonkhano ya amayi, ndiponso kuti pamzikiti uliwonse pakhale anthu awiri kapena atatu odziwa masamu a mirathi ndi kalembedwe ka wilo. Amayi nawonso alembe, pakuti ambiri a iwo ndiwo eni nyumba, minda ya mpunga ndi malonda a nsomba. Ndipo inu bambo amene mukuwerenga kope lino, madzulo ano mukaswali Isha khalani pansi ndi mayi a kunyumba, mutenge kope ndi cholembera, muyambe ndi mndandanda wa zimene muli nazo ndi ngongole zimene muli nazo. Sabata ikubwerayi mupeze mboni ziwiri. Allah atipatse moyo wautali ndi mathero abwino, ndipo ateteze ana athu ku mikangano ya chuma. Amin.